Mmene Ndinatetezera Mpando wa Alamu kwa Mphaka

Anzanga okondedwa amene tinkakhala benchi imodzi kusukulu, ndamva kuti nkhani yanga yafika kale kwa inu, ndipo yafika itavala zovala zimene sinachoke nazo kuno. Ena akuti ndinagwidwa ndi majini, ena akuti ndinavina pamaso pa alendo popanda ng'oma. Inu mukudziwa kuti ine Asiyatu pakamwa pamandilemera ndikakhala pagulu, choncho ndaganiza zoti ndilembe mwadongosolo monga aphunzitsi a Chichewa ankatiuzira, kuyamba ndi chiyambi, kenaka thunthu, pomaliza mathero. Sukulu ndinaisiyira mu Fomu 2, koma dongosolo limeneli ndinabwera nalo kumudzi.

Chiyambi chake ndi mphaka wathu. Dzina lake ndi Kapitawo, chifukwa ntchito yake ndi kuyendera matumba a mpunga ali mwee, ngati munthu amene analembedwa ntchito ndi boma, kenaka n'kugona pamwamba pa thumba limene lamusangalatsa. Ndinamutola ali kamwana m'mabango a kugombe chaka chimene ndinasiya sukulu. Kunena zoona, m'mudzi monse muno ndi iye yekha amene ndimacheza naye popanda kutuluka thukuta m'manja. Ndimamuuza zonse, ndipo sanakaululepo kumjigo.

Tsono pali alamu anga, Che Jafali, amuna awo a achemwali anga a Patuma. Iwowa ndi a mbali ya ku Songani, ndipo monga mwa mwambo wathu anabwera kudzakhala kuno kwa akazi awo. Anamanga nyumba yawo kuseri kwa nyumba ya amayi. Malo ndi a amayi, mtengo wa mango ndi wa amayi, ngakhale nkhuku zimene zimawadzutsa m'mawa ndi za amayi. Zinthu zimene alamu angaloze ndi chala n'kunena kuti ndi zawozawo zilipo ziwiri: njinga imene amanyamulira nsomba kupita nazo kumsika, ndi mpando wa sofa wofiirira wokhala anthu atatu. Tsiku limene mpandowu unabwera pa galimoto, mudzi wonse unasonkhana ngati kwabwera nduna. Chibwerereni, palibe wa pakhomo pano amene amaukhalira. Eni akewo amakhala pa kampando ka thabwa moyang'anizana nawo, n'kumauyang'ana monga ena amaonera kanema.

Munthu mmodzi yekha amene sanamve lamulo limeneli ndi Kapitawo. Iye anaona kuti mbali ya kumanja ya mpandowo, pamene munthu amatsamiritsa mkono, ndi malo abwino onolerapo zikhadabo. Anayamba pang'onopang'ono, ulusi umodziumodzi, mpaka siponji wa mkati anayamba kusuzumira kunja.

Apa mpamene panali vuto. Mkamwini sangamenye mphaka wa apongozi ake. Sangapitenso kukadandaula kwa apongoziwo maso ndi maso, pakuti alamu akakumana ndi amayi panjira amapatukira m'tchire ngakhale muli minga. Choncho dandaulo linayenda ulendo wake wa masiku onse: alamu anauza achemwali, achemwali anauza ine, ngakhale kuti pamene alamu ankayankhula ine ndinali pomwepo ndikusesa. Uthenga wake unali wakuti akadzapezanso ulusi wina utasololoka, Kapitawo adzamuika m'thumba n'kumukweza boti la ku Chisi, akakhale mphaka wa pachilumba. Ndinaona kuti sakuseka.

Masiku omwewo achemwali anabereka mwana wamwamuna, ndipo anasamukira m'nyumba ya amayi kukakhala m'chikuta, kudikira kuti mchombo wa mwana ugwe. Alamu ankalawirira kugombe n'kubwera dzuwa litapendeka. Ntchito yosamala nyumba yawo inagwera ine. Ndinathokoza Mulungu, poganiza kuti ndapeza mpata wophunzitsa Kapitawo khalidwe popanda wondiona.

Njira yoyamba inali yaulemu. Ndinamukhazika pansi n'kumufotokozera za Chisi, kuti kumeneko kulibe matumba a mpunga wa amayi ndiponso kuti amphaka a kumeneko sadziwa mlendo. Anandimvetsera mpaka kumapeto, anayasamula, n'kupita kukakanda mpando ine ndikuona. Ndinayesa kumuwaza madzi nthawi iliyonse akayandikira. Zimenezi zinamuphunzitsadi kanthu: anaphunzira kudikira kuti ndinyamule ndowa kupita kumjigo.

Njira yachiwiri ndinaiganizira mozama, ndipo ndinadziyamikira. Kuseri kwa khitchini kunali ukonde wakale wa matemba umene unatha ntchito. Ndinaganiza kuti ndikakulunga mpando ndi ukondewo, zikhadabo za Kapitawo zizikodwa, ndipo atopa n'kusiya. Ndinaukutumula, ndinaununkhiza, ndinapeza kuti sukununkha chilichonse. Anzanga a kumtunda, pano ndiyenera kukuululirani chinsinsi cha anthu a kunyanja: mphuno zathu zinafa kalekale. Ife tikhoza kugona m'nyumba yodzaza milamba yowamba n'kulumbira kuti mukununkhira sopo. Kodi ine ndikanadziwa bwanji kuti ukonde umene wakhala ukukoka matemba chibadwire changa umaitana mphaka aliyense kuyambira kuno mpaka kumalire a kwa Kuntumanji?

Pobwera kumjigo ndinamva phokoso ngati m'nyumba mwa alamu muli msonkhano wa chipani. Nditatsegula chitseko ndinapeza amphaka amene sindinawaonepo, wakuda, wamawanga, wina wa diso limodzi, onse atakwera pampando, akunyambita ndi kukoka ukonde. Kapitawo anali pamwamba penipeni ngati wapampando wa msonkhanowo. Nditakuwa, onse anathawira pawindo, kupatula wa diso limodzi uja amene anakodwa mwendo. Pofuna kudzipulumutsa anapalasa ndi miyendo yotsalayo, ndipo pamene panali kabowo kolowa chala panakhala bowo lolowa nkhonya.

Ndinachapa mpando ndi sopo, ndinabisa bowo ndi kansalu koluka kamene achemwali amavundikira jagi ya madzi. Madzulo alamu anayamikira kuti nyumba ikuoneka yaukhondo, ndipo kansaluko kawonjezera ulemerero. Ndinayankha ndi mutu wokha.

Apa munthu wanzeru akanapita kukafunsa akuluakulu. Koma kufunsa kumafuna kutsegula pakamwa, ndipo ine ndinasankha kudya phula. Ndinakumbukira zimene anyamata a m'kalasi mwathu anachita pampando wa aphunzitsi a masamu chaka chija, inu mukudziwa bwino. Inde, chitedze. Ndinaganiza motere: ngati chitedze chinathamangitsa bambo wamkulu wa ndevu zake mpaka kumtsinje, kuli bwanji kamphaka? Adzangogunda kamodzi, mapazi adzamuyabwa, ndipo mpandowo azidzauona ngati mdani mpaka imfa. Alamu sakhalapo, mwana ali kwa amayi, alendo odzaona mwana tinamva kuti abwera sabata inayo. Ndinali ndi nthawi yokwanira yophunzitsa mphaka ndi kukutumula mpando.

M'mawa mwake ndinapita kuthengo la m'mbali mwa khwawa, nditavala majumbo m'manja, ndipo ndinapala ubweya wa chitedze chouma bwino n'kudzaza kachitini. Ndinawaza potsamiritsa mkono paja. Poona kuti Kapitawo amaimirira pakhushoni akamakanda, ndinawazanso pakhushoni ya mbali imeneyo. Poona kuti m'kachitini mwatsala chambiri, ndipo kutaya chinthu n'kulakwa, ndinathira chonse.

Ndinabisala kuseri kwa chitseko kudikira zotsatira. Kapitawo analowa, anakwera, ananola zikhadabo zake modekha, anazungulira pakhushoni paja n'kugona chagada. Tulo take! Ndinali ndisanaganizepo kuti Mulungu anamuveka bulangeti thupi lonse.

Ndili chiimire kudabwa, ndinamva njinga yamoto ikuima pabwalo, kenaka mawu a alamu akuseka mokweza monga samasekera pakhomo pa apongozi. Chakudza sichiimba ng'oma, anzanga. Alendo a sabata inayo anali atafika lero. Anakumana ndi alamu panjira ya kumsika, ndipo alamu anabwerera nawo. Anali amayi owabereka alamuwo, Abiti Amidu, ndi mlongo wawo wa amayiwo, Che Mdoka, bambo wolemekezeka amene anapitako ku Haji, atavala mkanjo woyera mbee ndi kofiya wake.

Kodi mukuganiza kuti alamu akanawalandirira pakhonde? Chigulireni mpando uja ankadikira tsiku limeneli, loti abale awo aone kuti mwana wawo kuchikamwini sanangopitako ndi buluku lokha. Anatsegula chitseko chonse, Kapitawo anatuluka pakati pa miyendo yawo osapereka moni, ndipo ine ndinagwada pakona monga mwana woleredwa bwino. Ndinapereka moni ndi mawu amene ngakhale ine sindinawamve. Mumtima ndinkapemphera kuti akhale mbali ya kumanzere.

Abiti Amidu anavula masilipasi pakhomo, anayang'ana mpando, anagwira pakamwa posonyeza kuzizwa, n'kuyamba kuyenda molunjika mbali ya kumanja, kumene kunali kansalu koluka.

Ndinali ndi njira ziwiri. Yoyamba inali kutsegula pakamwa n'kunena kuti pampandopo pali chitedze. Ndikanatero, alamu akanafunsa chifukwa chake, akanavundukula kansalu, akanaona bowo, ndipo Kapitawo akanagona ku Chisi tsiku lomwelo. Yachiwiri inali imene miyendo yanga inasankha mutu usanavomereze. Ndinadzambatuka, ndinawapitirira mayi wachikulire ngati tikulimbirana malo m'minibasi, n'kudzigwetsa pakhushoni paja kuti phwa!

Ine amene ndimathawira kuseri kwa nkhokwe akabwera wogula mpunga, ndinali nditakhala pampando umene mwini wake sanaukhalirepo, alendo ali chiimire. Alamu ananditong'olera maso, n'kundilozera pansi ndi milomo. Ndinaona kuti ndiyenera kunenapo kanthu kofotokoza khalidwe langa, ndipo mawu amene anatuluka, momveka bwino kuposa mawu onse amene ndinayankhulapo m'moyo wanga, anali awa:

"Pepani, pano ndimakhala ndine."

Abiti Amidu anandiyang'ana kuyambira kumpango mpaka kumapazi. Kenaka anauza mwana wawo kuti asavutike, iwo amangofuna kukhudza kansalu kolukako kuti aone kalukidwe kake. Mipando yofewa imawathyola msana, ndipo chibadwire chawo sanakhalepo pa sofa. Anapempha mkeka, anayala pansi n'kutambasula miyendo.

Anzanga, kodi munamvapo munthu akudziponya m'madzi kukapulumutsa munthu amene waima pamtunda?

Kudzuka sindikanatha, chifukwa Che Mdoka akanasunthira pamalo pangapo. Iwo anali atakhala kale mbali ya kumanzere, atasiya mpata pakati pathu waukulu ndithu, akuyang'ana kudenga kuti asaone mwano umene unali pambali pawo. Chimene sindinadziwe n'chakuti pamene ndinadzigwetsa paja, khushoni inapuma, ndipo mpweya wake unagawa chitedze mwachilungamo mpando wonse.

Kwa ine chinayambira kuseri kwa mawondo. Chinakwera. Sindilemba malo onse amene chinafika chifukwa pepala lino likhoza kugwera m'manja mwa ana, koma dziwani kuti chitenje si chishango. Ndinaluma mlomo. Ndinayesa kusuntha pang'ono kumanja, pang'ono kumanzere, ngati munthu amene akupeta ndi chiuno, ndipo kusuntha kulikonse kunali kuitanira china. Misozi inayamba kutsika yokha. Manja ankafuna kupita kumene ulemu sulola, choncho ndinawapatsa ntchito ina: ndinagwira potsamiritsa mkono paja ndi zala zonse, n'kukanikiza zikhadabo mkati.

Alamu anali akufotokoza za mtengo wa matemba. Che Mdoka ankavomera kuti inde, inde, koma ndinaona dzanja lawo likutsika mwakachetechete kukayendera ntchafu, n'kubwerera, n'kupitanso. Anakonza kofiya. Anakanda m'khosi ngati akuganiza za nkhani yozama. Bambo ameneyu ndimamulemekeza mpaka lero, chifukwa anapirira ngati msilikali, ndipo sanafune kunyoza mpando wa mphwake ponena kuti muli nsikidzi.

Amene anatulukira matenda anga ndi Abiti Amidu. Ananena motsitsa mawu kuti iwo zoterezi anazionapo kwawo. Mtsikana wofatsa akayamba mwadzidzidzi kulanda malo a akuluakulu, kulira popanda womumenya ndi kugwedeza thupi chotere, amenewo ndi majini, ndipo a kunyanja ndiwo oopsa chifukwa amakonda zinthu zapamwamba. Anatuma alamu kukaitana amayi, ndipo alamu, amene sanayambe aitanapo apongozi awo, anaima pakhomo n'kukuwira mtengo wa mango kuti kuno kwavuta.

Amayi anabwera akuthamanga, achemwali ali pambuyo ndi mwana m'manja, pakuti mchombo unali utagwa dzulo lake. Che Mdoka anaimirira mofulumira kwambiri, mwina pothokoza kuti apeza chifukwa chochokera pampando, ndipo anayamba kundiwerengera duwa, pemphero la Chisilamu. Dzanja limodzi linali m'mwamba, linalo linali kumbuyo kwa mkanjo likugwira ntchito yake. Abiti Amidu anandiwaza madzi kumaso ndi m'khosi. Inu mukudziwa chimene madzi amachita ndi chitedze. Ndinatulutsa kaphokoso kamene sindingathe kukalemba ndi zilembo zimene tinaphunzira, ndipo onse anavomerezana kuti chimene chayankhulacho si ine.

Amayi anandigwira mkono kuti andichotse pampando. Ine ndinakakamira, poganizirabe za bowo lija. Iwo anakoka, ine ndinakoka, ndipo nsalu ya mpando inalira kuti kwee, kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kutsalira m'zala zanga pamodzi ndi siponji wodzaza manja awiri. Bowo la amphaka lija silinaonekenso, linamezedwa ndi langa.

Mwina ndikanapitiriza kukhala wa majini, chifukwa kunena zoona majini ankandichotsera mlandu. Koma achemwali, pofuna kuthandiza amayi kundigwira, anayang'ana poti agoneke mwana, ndipo anaona pakati pa mpando pali malo ofewa. Anawerama.

"Chitedze! Achemwali, musamuike, ndathira chitedze!"

Akuti mawu amenewa anamveka mpaka kugombe. Achemwali anadumphira kumbuyo ndi mwana wawo. Che Mdoka anasiya duwa pakati, anandiyang'ana, ndipo ananena mofatsa kuti, "Alihamudulilahi, ndimayesa ndi ukalamba." Atatero anatuluka ndi liwiro limene silinagwirizane ndi zaka zawo, kulunjika kubafa, akufunsa phulusa ndi mafuta ophikira.

Ine amayi anandikokera kuseri kwa khitchini, kumene anandipaka phulusa thupi lonse ngati mwana wa kuchinamwali, akundifunsa mafunso amene sankadikira mayankho ake. Ndinafotokoza zonse, za madzi, za ukonde, za amphaka a eni ake, ndikulira ndi kudzikanda nthawi imodzi. Abiti Amidu, amene anabwera kudzathandiza, anaseka mpaka anakhala pansi m'fumbi, n'kunena kuti ulendo wawo wa njinga yamoto wapindula kawiri, aona mdzukulu ndiponso aona sewero.

Dzuwa litapendeka tinakhala pabwalo kuti mlandu uweruzidwe. Mpando unali utatulutsidwa panja, siponji ali lende, ndipo alamu amene anaunyamula pamutu anali ndi zidzolo m'khosi monse. Che Mdoka anali atabwereka chitenje cha amayi chamaluwa, mkanjo wawo uli pachingwe. Ine ndinagwada pakati, woyera ndi phulusa. Kapitawo anabwera kudzakhala pambali panga akunyambita dzanja lake, ngati mboni imene sikudziwa kuti mlandu ndi wake. Ndinasonkhanitsa mphamvu zotsala n'kupempha, nditayang'ana pansi, kuti chilango chonse chigwere ine koma mphaka asakwere boti.

Alamu anayang'ana mpando wawo. Popeza amayi anali pomwepo, sakanatha kuyankhula molunjika, choncho anatembenukira kwa achemwali, nati:

"Amake mwana, muwauze amayi kuti mphakayu akhale. Iyeyu chaka chathunthu wangosolola timaulusi. Amene ndikumufunira malo m'boti la ku Chisi ndi womulondera wakeyu, asanayambe kuteteza njinga yanga."

Achemwali anabwereza uthengawo liwu ndi liwu kwa amayi amene anali atamva kale, ndipo amayi anayankha kudzera mwa achemwali omwewo kuti aganizapo mpunga ukatha kupunthidwa, chifukwa pakali pano manja akufunika.

Mathero ake ndi awa. Ku Chisi sindinapite, Kapitawonso sanapite. Mpando unapita kwa mmisiri, ndipo unabwera utavala chigamba cha mtundu wina chifukwa nsalu yofanana nayo sinapezeke. Ntchito yosesa m'nyumba ya alamu anandichotsa mwaulemu. Kumjigo sindivutikanso kudikira pamzere, pakuti amayi onse akandiona amachotsa ndowa zawo n'kunena kuti, pepani, pano mumakhala ndinu.

Kapitawo akupitirizabe kunola zikhadabo, tsopano pachigamba chatsopanocho, chimene akuoneka kuti wachikonda kuposa nsalu yakale. Ndikamuona kudzera pawindo ndimamupatsa moni n'kupitiriza ulendo wanga. Ndalumbira pamaso pa Mulungu ndi pamaso panu kuti ine Asiyatu sindidzaphunzitsanso mphaka khalidwe, ndipo ndikadzakwatiwa, mwamuna wanga adzagule mphasa.